Paipi ya M'kabati

Pulani inabadwa Loweruka masana pa malo omwera mowa a Bana Chola, ku Chamboli. Inabadwira pa tebulo la kumapeto, lija la mwendo umodzi wa njerwa. Ine ndinali pa tebulo loyandikana nalo, ndikudikira basi ya ku Chingola imene sindinakwere. Ndinamva zonse. Kwa Bana Chola nyimbo zimalira kwambiri, ndiye chinsinsi chimakambidwa mokuwa.

Anali anayi. Woyamba Lombe, wowotcherera zitsulo. Munthu wofatsa, wa maso ofiira ndi moto wa ntchito. Iye sanali mbava. Anangokhala ndi vuto.

Kampani imene ankagwirako ganyu imapanga mathanki ndi mapaipi a ku mgodi. Kuti akulembe ntchito yokhazikika, umayamba wawotcherera paipi yoyesera, yotalika ngati mkono. Umadindapo nambala yako. Paipiyo imapita kunyumba ya ekisire, kuseri kwa fakitale, kukajambulidwa mkati. Kunja kukhoza kusalala ngati tsaya la khanda. Iwo alibe nazo ntchito. Amafuna mkati. Kathovu kamodzi, kamng'alu konga tsitsi, wagwa. Lombe anali atagwa kawiri. Kachitatu ndi komaliza.

Lachisanu anawotcherera kachitatuko. Zonse zinkayenda bwino. Atafika pakati penipeni, anayetsemula.

"Kuyetsemula basi?" anafunsa Nduna.

"M'chigoba chowotcherera, ba mulamu. Dzanja linagwedezeka. Ndinamva ndithu. Muli thovu mmenemo."

"Lalikulu bwanji?"

"Ngati nzama."

"Mwaliona?"

"Silioneka. Vuto lake ndi limenelo. Alijambula Lolemba."

Nduna ndi mchimwene wa mkazi wa Lombe. Dzina lake lenileni ndi Kapembwa. Amamutcha Nduna chifukwa amavala jekete ngakhale mu Okutobala, komanso amalonjeza. Pa ntchito yakuba ali ndi mbiri. Anabapo geti la tchalitchi n'kukaligulitsa kwa mkulu wa mpingo womwewo, amene analizindikira chifukwa cha mtanda.

Kumanja kwake kunakhala Dokota, dzina lake Mpundu. Anakankhapo mabedi a odwala pa chipatala china, mpaka anamuchotsa pa nkhani ya mabulangete. Kuchokera pamenepo amapima anthu m'mabala. Kumanzere kunali Buluzi, dzina lake Katongo. Kale ankakwera khoma lililonse mu Kitwe. Kenako anakwatira mtsikana wokazinga zitumbuwa pa msika wa Chisokone. Masiku ano khoma amayamba walizungulira kaye, kufuna khomo.

"Tikabe paipiyo," anatero Buluzi. "Ikasowa, thovu lasowa."

"Ikasowa andiwotcheretsa ina, kapitawo ali pamsana panga," anayankha Lombe. "Ndiye ndidzayetsemula kawiri."

"Tikabe makinawo."

"Ndi omangirira pansi, mnzanga. Aakulu ngati kantini."

Nduna anakweza chala. Anamwa kaye, chala chili m'mwamba, kuti wina asalankhule.

"Sitikuba paipi. Sitikuba makina. Tikuba nambala. Pa anzanu onse, katswiri ndani?"

"Ba Chishimba. Sanagwepo."

"Akagwa kamodzi awachotsa?"

"Ayi. Ndi akalekale. Angowauza kuti abwereze."

"Ndiye nkhani yatha. Tikapala nambala yanu, tikapala yawo, tisinthe. Inu mukhoza ndi dzanja la Ba Chishimba. Ba Chishimba aphunzira kudzichepetsa. Aliyense wapindula."

Lombe anaganiza. Anaganiza za mkazi wake, amene anali atayamba kale kufunsa za mabasi a ku Luwingu, kwa amayi ake. Anatulutsa m'thumba tizitsulo tiwiri todindira nambala yake, ka 3 ndi ka 8. Anatiika patebulo ngati akupereka ana.

Buluzi sanakhutire.

"Ndiye ife tituluka ndi chiyani?"

"Ndi ulemu," anatero Nduna.

"Wogula zitsulo zakutha saika ulemu pa sikelo."

"Ndi nkhani ya pabanja iyi, iwe. Mlongo wanga akachoka pabanja, asanafike ku Luwingu adzagona kuti? Kwa ine. Ndi ana ake. Ine ndili ndi chipinda chimodzi."

Apa aliyense anamvetsa. Anaitanitsa mowa wina. Analipira ndi Lombe.

Lamlungu masana kunali mpira waukulu wa matimu awiri a mu Kitwe. Misewu ya ku mafakitale inali ziii. Pageti panali mlonda mmodzi, Ba Mwelwa, wailesi ili pakhutu.

Atatu aja anafika atavala zipewa za kumgodi, majekete owala ndi nsalu kumphuno. Ku Kitwe ukavala chipewa cha kumgodi, ngakhale kubanki akutsegulira. Nduna anabereka pampu yopopera, yobwereka kudimba kwa Bana Chola. Munali madzi ndi parafini pang'ono, wa fungo.

"Mwaswera, mudala. Tabwera kudzapopera mphemvu kunyumba ya ekisire."

"Lamlungu?"

"Mphemvu sizipita kutchalitchi."

"Sanandiuze."

"Mankhwalawa ndi oopsa," anatero Dokota. "Amalowa m'mapapo n'kutulukira m'chiwindi. N'chifukwa chake timabwera kulibe anthu."

"Ine si munthu?"

"Inu ndinu mlonda, mudala."

Ba Mwelwa anawayang'ana. Anayang'ana pampu. Anachepetsa wailesi.

"Amapha nsikidzi?"

"Ndi agogo ake omwe."

"Ndiye muyambe ndi kanyumba kangaka."

Sakanakana. Nduna anapopera kanyumba ka mlonda. Anapopera benchi. Anapopera chikhoti cha mvula, mkati ndi kunja. Anapopera kuseri kwa kalendala. Ba Mwelwa ankaloza ndi ndodo, iye n'kumawerama. Anthu amene amamudziwa Nduna amati imeneyi ndiyo ntchito yoyamba imene anagwira chaka chimenecho. Atamaliza, mlonda anawapatsa makiyi n'kukakhala kutali pansi pa mtengo, mphuno ili m'malaya.

Nyumba ya ekisire ndi yaing'ono. Kakhonde mkati, ofesi, kachipinda kamdima, kenako chitseko chimodzi chokhuthala ngati matiresi. Pachitsekopo pali chizindikiro chachikasu cha mapiko atatu. Pamwamba pali nyali yofiira. Ina ngati yomweyo ili kunja, padenga. Zonse zinali zozima.

Dokota anatambasula manja.

"Imani pomwepo. Chinthu chili kuseriku ndimachidziwa. Chimaphika mazira."

"Mazira ati?" anafunsa Buluzi.

Dokota anangoyang'ana pansi pa lamba wa Buluzi. Buluzi anabweza miyendo pamodzi. Anali asanabereke, ndipo apongozi ake anali atayamba kufunsa.

"Koma makina ndi ozima," anatero Nduna.

"Mbaula ikazima imazizira pomwepo?"

Nduna nayenso anabweza miyendo.

"Mankhwala ake ndi amodzi," anapitiriza Dokota. "Mtovu. Kuchipatala tinkavala chovala cha mtovu. Ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi, onse ofanana ndi ine. Umboni ndi umenewo."

Mtovu unalipo. Pa alumali panali timalata tofewa, totuwa, timene amaika kuseri kwa filimu pojambula. Ndi tolemera kuposa maonekedwe ake, koma timapindika ndi manja. Dokota anasonyeza kavalidwe kake. Kalata kamodzi kutsogolo, kena kumbuyo, kena kudutsa pakati, zonse mkati mwa buluku. Anamanga ndi mphira za chubu zimene Buluzi amayenda nazo nthawi zonse. Kunali kuvala thewera. Buluzi anawonjezera kachinayi.

Atatha, anayesa kuyenda. Ankayenda ngati abakha atatu opita kumaliro.

Mapaipi oyesera anali pansi, pa thabwa, atandandalika pafupi ndi chitseko chija. Akuda, amwaye, osasiyana. Anapeza ya 38. Anapezanso ya Ba Chishimba. Nduna anainyamula, n'kuitembenuza ku kuwala kwa pawindo.

"Katswiri wake ndi ameneyu? Mzere ngati njira ya chiswe."

"Ba Lombe ati tiwatengere imeneyo," anatero Buluzi.

"Pala tione."

Buluzi anagwada movutikira n'kuyamba kupala. Tupa inali yogula pa Chisokone. Anapala, anapala. Nambala ya Ba Chishimba inangowala pang'ono. Tupa ndi imene inasalala.

Nthawi imeneyo Nduna anali atalowa mu ofesi kukafuna chilichonse chokwana m'thumba la jekete. Anapeza kabati. Yagalasi, ya loko wamkulu. Mkati munali nsalu yobiriwira. Pansalupo panagona paipi imodzi, msinkhu womwewo, kunenepa komweko. Koma iyi inkawala. Mzere wake wowotcherera unali woluka bwino ngati tsitsi la mkwatibwi. Inalibe nambala.

Nduna anavula chipewa.

"Bwerani muone ntchito."

Anabwera, pang'onopang'ono.

"Ine ndakalambira m'nyumba za anthu," anatero Nduna. "Sindinaonepo munthu akukhomera chinthu chachabe. Zachabe zimakhala pansi. Zabwino zimakhala pa loko. Zili pathabwazo ndi za ana asukulu. Iyi ndi ya mphunzitsi wawo."

"Koma Ba Lombe ati..."

"Ba Lombe ndi wowotcherera. Akanakhala woganiza sakanayetsemula. Timupatsa bwanji mlamu wanga nsapato za mnzake, suti ili apa? Ndiponso ilibe nambala. Palibe chopala."

Mfundo yomalizayi ndi imene inamugwira mtima Buluzi. Anatulutsa kawaya. Pa loko yekha dzanja lake linali lisanakalambe. Anatsegula asanamalize kupuma.

Dokota anagwira kachitsulo kodindira, Nduna anagwira nyundo. Ulendo woyamba nyundo inapeza chala cha Dokota. Dokota anadzipima yekha n'kunena kuti achira. Ulendo wachiwiri 3 anakhala. Kenako 8. Anaipaka mwaye wa pa mapaipi ena kuti isawale kwambiri, n'kuigoneka pathabwa pakati pa anzake. Ya Lombe anaipukuta ndi mkono wa jekete, anaigoneka pansalu yobiriwira, nambala italoza kukhoma. Buluzi anakhomanso loko.

"Kodi zimenezi tivula?" anafunsa Buluzi, akugogoda kutsogolo kwa buluku.

"Usayerekeze," anatero Dokota. "Mphepo yake imatsatira munthu mpaka pamsewu."

"Ndiponso mtovu uli ndi msika," anatero Nduna. "Unkafunsa kuti tituluka ndi chiyani. Watuluka utavala."

Pageti Ba Mwelwa analandira makiyi. Anawaona mayendedwe.

"Mankhwala aja akupwetekani?"

"Amalowa m'mawondo, mudala."

"Pepani, ana anga. Ntchito zinazi."

Lombe ankawadikira kwa Bana Chola, botolo lili losatsegula.

"Mwandipatsa ya Ba Chishimba?"

"Yoposa," anatero Nduna.

"Ya ndani?"

"Ya m'kabati."

"Kabati iti?"

Lombe sankaidziwa. Owotcherera amathera pakhomo la nyumba ya ekisire. Amapereka paipi n'kubwerera, ngati munthu wosiya m'bale kuchipatala.

"Ba mulamu, paipi imene takupatsaniyo, akaijambula akuikani ukapitawo. Mudzandikumbukire."

Lombe anatsegula botolo. Anamwetulira koyamba chiyetsemulireni.

Lolemba m'mawa nyali yofiira inayaka. Wojambula, bambo wina dzina lake Kasonde, ankalowetsa mapaipi imodziimodzi, kumata filimu, kutseka chitseko, kudina batani. Iye sayang'ana nkhope ya paipi. Amayang'ana nambala basi. Anadandaula kuti timalata ta mtovu tachepa, koma anapitiriza ndi totsala.

Wowerenga mafilimu ndi Ba Namwinga. Mayi wamfupi, wa magalasi, wokonda kukukuta mtedza. Sanakwezepo mawu. Owotcherera amamuopa kuposa kapitawo, chifukwa kapitawo umatha kumugulira mowa. Ba Namwinga amakhala m'kachipinda kamdima, kutsogolo kwa bokosi lowala, n'kumaona zimene munthu anabisa m'chitsulo.

Anaika filimu ya 38 pabokosi. Anasiya kutafuna. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso.

Ankaidziwa filimu imeneyi. Ankaidziwa kuposa chithunzi cha ukwati wake.

Paipi ya m'kabati inapangidwa dala kuti ikhale yoipa. Anaiwotcherera katswiri wina wakale, n'kuikamo matenda onse amene chitsulo chingadwale. Mng'alu. Gulu la mathovu. Zinyalala za moto. Malo amene zitsulo sizinagwirane. Kachidutswa ka waya. Kunja anaikongoletsa dala, kuti wophunzira adziwe kuti diso limanama. Aliyense wophunzira kuwerenga filimu amayambira pa iyo. Amaikhomera chifukwa kupanga paipi yoipa mwadongosolo chotero n'kovuta kuposa kupanga yabwino.

Ba Namwinga anatuma Kasonde kukaitana Lombe.

Lombe analowa atavula chipewa. Anali atavala malaya oyera mkati mwa ovololo, pokonzekera uthenga wabwino.

"Khalani, Ba Lombe. Iyi ndi paipi yanu?"

"Yanga, ba mayo."

"Munawotcherera nokha?"

"Ndi manja anga awa."

"Chabwino. Yandikirani." Analoza ndi pensulo. "Ili ndi thovu."

Lombe anayandikira bokosi.

"Awa ndi abale ake. Uwu ndi mng'alu. Umayambira apa, umathera uku. Izi ndi zinyalala. Apa zitsulo zinangopatsana moni, sizinagwirane. Aka ndi kawaya."

"Ndinayetsemula, ba mayo."

"Kangati?"

Lombe anayang'ana filimu. Inali ngati thambo la nyenyezi.

"Chimfine chake chinali chachikulu."

"Chinalidi chachikulu. Paipi iyi inawotchereredwa inu muli ku pulayimale. Ndaphunzitsira anthu ambiri pa iyo. Kathovu aka ophunzira onse amakaphonya." Anaponya mtedza m'kamwa. "Yanu ili kuti?"

Lombe anayang'ana kukhomo.

Kunja, tsidya lina la msewu, pali kantini ya malata. Pabenchi pake panakhala amuna atatu. Anabwera kudzalandira mlamu wawo ndi kumuperekeza kwa Bana Chola, kumene anayenera kuwathokoza mokwanira. Mtovu anali asanagulitse. Anali atauvalanso. Dokota ananena kuti ngati dzulo makina ozima anali oopsa, lero oyaka ndiye amawoloka msewu. Nyali yofiira ya padenga inkaoneka bwinobwino kuchokera pabenchipo. Ikayaka, atatuwo ankapingasa miyendo. Ikazima, ankapuma.

Kunali kutentha kwa Okutobala. Mtovu umakonda dzuwa.

"Ba Dokota," anatero Buluzi, thukuta lili kamukamu, "mukuti zimenezi zikuteteza mazira kuti asapse?"

"Ukumva kutentha?"

"Kwambiri."

"Ndiye kuti zikugwira ntchito. Ndi mphepo ija ikumenya n'kubwerera."

Pageti, Ba Mwelwa ankadzikanda. Anadzikanda pakhosi, anadzikanda m'nthiti. Nsikidzi zinali zitasamba dzulo lake, ndipo zinadzuka ndi njala. Atakweza maso anaona jekete pabenchi la kantini. Jekete mu Okutobala. Anatenga ndodo yake n'kuwoloka msewu. Za kuba sankadziwa chilichonse. Ankapita kukadandaula.

"Ana inu, mankhwala anu sanagwire."

"Mankhwala ati, mudala?" anafunsa Nduna.

"A dzulo."

"Ife dzulo tinali ku mpira."

"Anagoletsa ndani?"

Atatuwo anayang'anana.

"Tinakhala kumbuyo kwambiri," anatero Dokota.

"Musandipusitse. Taonani mkono wangawu. Mubwerenso mupopere, apo ayi ndikakunenezani kwa abwana kuti munathira madzi."

"Mwatisokoneza ndi anthu ena," anatero Nduna. "Anyamata, tiyeni. Pano palibe ulemu."

Anaimirira mwaufumu. Anakonza jekete. Anaponya phazi limodzi. Mphira ya chubu, imene inali itapirira dzuwa m'mawa wonse, inaduka.

Mtovu sulira ngati chitsulo. Kalata koyamba kanatsetsereka mumwendo wa buluku n'kugwera pansapato, phi. Kachiwiri kanatsatira mwendo winawo, phi. Kachitatu kanakakamira pa bondo. Nduna anaima chilili, akuyang'ana kutsogolo, ngati zagwa kwa munthu wina.

Nthawi yomweyo Kasonde anali akutuluka pageti, kudzafunsa mlonda ngati wina analowa dzulo. Anaona timalata take pafumbi. Anawerama, anatola kamodzi. Kanali kotentha. Kanali katapindika mwa mtundu wina. Anakagwetsa n'kupukuta dzanja pa ovololo.

"Thawani," anatero Nduna chapansipansi.

Dokota anathawa masitepe ochepa, miyendo ili tang'a, kenako anakhala pansi n'kunena kuti mtima wake sulola. Buluzi anathamangira khoma la fakitale yoyandikana. Thupi linakumbukira zakale. Analumpha, zala zinagwira pamwamba. Zina zonse zinatsala m'munsi. Analendewera pamenepo ndi timalata take tinayi, osakwera, osatsika, mpaka galimoto ya polisi inafika. Wapolisi anachita kumupempha kuti asiye khomalo.

Nduna sanathawe. Kalata ka pabondo kanali katatseka mwendo.

Anawalowetsa onse m'nyumba ya ekisire, kuti asonyeze zimene anachita. Anawakhazika pabenchi la m'kakhonde, pamodzi ndi Lombe, unyolo uli m'manja awiriawiri. Sajeni anali munthu wotopa, wa ku Mufulira. Analamula kuti mtovu wonse uvulidwe, ndi umboni. Dokota anapempha kuti ayambe atuluka kaye m'nyumbamo. Sajeni anakana. Kasonde anabweretsa ndowa, ndipo anakana kuigwira pambuyo pake.

"Ba mulamu," ananong'ona Lombe, "ndinati ya Ba Chishimba."

"Inali yonyansa."

"Munandipatsa paipi ya matenda onse a padziko."

"Inali pa loko. Munthu wanzeru amakhomera matenda? Anthu a m'nyumba ino ndi osokonezeka. Mlandu ndi wawo."

Ba Namwinga anatsegula kabati ndi kiyi wake. Anatulutsa paipi ija, anaitembenuza. 38.

"Iyi ndiye yanu?"

"Imeneyo, ba mayo," anatero Lombe, osakweza mutu.

"Tiitenga," anatero sajeni. "Umboni."

"Muitenga ikajambulidwa. Paipi ya nambala situluka muno isanajambulidwe."

"Mayi, ife tili ndi ntchito zina."

"Inenso."

Sajeni anamuyang'ana. Anakhala pansi.

Kasonde analowetsa paipi, anamata filimu, anatseka chitseko chokhuthala chija. Nyali yofiira inayaka pamwamba pa mitu yawo. Amuna atatu anapingasa miyendo nthawi imodzi, unyolo n'kulira. Sajeni anawaona. Patapita kanthawi nayenso anapingasa yake.

Filimu inatenga nthawi kuti itsukidwe ndi kuuma. Buluzi ankapemphera chamumtima, milomo yokha ikuyenda.

Kenako Ba Namwinga anaitana Lombe m'kachipinda kamdima. Popeza unyolo wake unali umodzi ndi wa Nduna, Nduna analowa nawo.

Filimu inali pabokosi lowala. Mzere umodzi wotuwa, wosalala, kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Ba Namwinga anauyang'ana nthawi yaitali. Anatenga galasi lokulitsa. Anayenda nalo pang'onopang'ono mpaka kumapeto, n'kubwereranso.

"Ba Lombe, dzanja linagwedezekera pati?"

Lombe analoza pakati, ndi dzanja lomangidwalo. Dzanja la Nduna linapita nawo.

Ba Namwinga anaikapo galasi. Anayandikira mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda.

"Palibe."

"Thovu lija?"

"Palibe thovu. Palibe mng'alu. Palibe chilichonse. Ndi yoyera kuyambira apa mpaka apa." Anazimitsa bokosi, anayatsanso, ngati akulipatsa mpata wosintha maganizo. "Pa mapaipi onse a lero, yabwino ndi iyi. Ya Ba Chishimba ili ndi kathovu, koma kololedwa."

Lombe anafunsa ndi mawu aang'ono.

"Ndiye kuti ndakhoza, ba mayo?"

"Paipi yakhoza."

"Nanga ine?"

"Inu pitani ndi abambowa."

Nduna anatsokomola.

"Ine ndinkadziwa. Ndinaiona dzulo ndikuipukuta. Ndinati, ntchito iyi ndi ya munthu. N'chifukwa chake ndinaisunga pabwino."

Lombe anatembenuka n'kumuyang'ana mlamu wake. Dzanja lake lamanja, lomenyera, ndi limene linali pa unyolo. Anayesabe. Nduna anadzimenya yekha pachibwano ndi dzanja lake lomwe, ndipo sajeni analemba kuti palibe amene anamenya mnzake.

Anakwera kumbuyo kwa galimoto onse anayi. Ba Mwelwa anawatsegulira geti, akudzikanda. Anafunsa sajeni ngati anthuwa akadzatuluka angadzamalize ntchito ya kanyumba kake. Sajeni anati zimenezo akafunse kukhoti.

Mlandu utatha, paipi ya 38 inabwerera ku nyumba ya ekisire. Ba Namwinga anaipempha kwa akuluakulu. Anati wakhala akuphunzitsa anthu ndi paipi yoipa yokha, ndipo yabwino chotere saipeza kawirikawiri. Anaigulira nsalu yakeyake. Ili m'kabati muja mpaka lero, pambali pa inzake, ndipo aliyense wophunzira kuwerenga filimu amayamba waiona.

Lombe masiku ano amawotcherera mageti ndi mbaula pamsewu wa ku Wusakile. Paipi yake ndi imene inalembedwa ntchito yokhazikika.